Broadhead kwina, field point kwina: kufufuza chavuta pa muvi wosakira nyama

Nyengo yozizira ikafika ku Limpopo ku South Africa, udzu utauma ndipo nyama zayamba kubwera kumadzi dzuwa lili pamutu, alenje a uta amayamba kufika pafamu pamene ndimagwira ntchito. Tsiku loyamba sitilowa m'tchire. Timapita pa chandamale kuseri kwa shedi, ndipo n'pamene nkhani yomweyomweyo imabuka chaka ndi chaka. Munthu waponya mivi itatu ya field point, nsonga zosalala zija zoyeserera, yonse yalowa pamodzi ngati zala za dzanja limodzi. Wamanga broadhead, nsonga ya mipeni yosakira nyama, muvi wakagwera chikhatho chathunthu kumanzere ndi kumunsi. Amaizula, n'kuiyang'anitsitsa, kenako n'kufunsa ngati m'tauni muli sitolo yogulitsa zina.

Kawirikawiri broadhead imakhala isanalakwe. Mipeni yake ili ngati timapiko kutsogolo kwa muvi. Muvi ukachoka pa uta utapendekeka pang'ono chabe, timapiko timeneti timagwira mphepo n'kuukhotetsa. Field point imabisa vuto, broadhead imaliulula. Mukagula zina musanapeze gwero lake, mwangosintha mboni, mlandu uli pomwepo.

Ndalemba izi poganizira anzanga ochokera ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete amene ali m'mafamu a nyama kuno kum'mwera, olondola mapazi ndi osenda. Muvi ukalephera ntchito ndife timatsata timadontho ta magazi mpaka mdima, ndipo nyama imene yavulala imavutika usiku wonse. Nkhani ya mivi ndi yathunso.

Za malamulo ndinene kamodzi. Ku South Africa amasaka ndi uta m'mafamu ovomerezeka, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, choncho funsani mwini famu kapena PH, mlenje wa chilolezo wotsogolera alendo posaka, musanagule zida. Ku Britain kusaka nyama ndi uta n'koletsedwa. Kwathu ku Malawi kupha nyama zotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, ndipo kuyambira 2017 chilango cha nyama zina chimafika zaka 30 m'ndende.

## Manambala asanu oti akhale papepala

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, lembani awa. Popanda iwo mukhala mukungopenekera.

- Mapaundi a uta, mphamvu imene imafunika pokoka nsinga. Oyezedwa pa sikelo, osati olembedwa pa uta. Wolembedwa 70 ukhoza kukoka mocheperapo kapena mopitirira, malinga ndi mmene mabawuti anamangidwira ndi mmene nsinga yatanukira.
- Utali wa muvi, kuyambira mkati mwa nock, kamano kaja kogwira nsinga, mpaka pamene ndodo ya kaboni yathera.
- Spine, ine ndimangoti msana wa muvi. Ndi nambala ija 500, 400, 340, 300 kapena 250. Poyeza amagoneka ndodo pa zochirikiza ziwiri zotalikirana mainchi 28, pakati n'kupachikapo cholemera magalamu 880. Ikapindika mainchi 0.340, ndiye 340. Choncho nambala ikamachepa, msana ukulimba. Mafakitale ena amalemba manambala awoawo pa ndodo, ndiye onani tchati cha amene anapanga mivi yanuyo.
- Kulemera kwa muvi wonse m'magireni. Galamu imodzi ndi magireni pafupifupi 15.4. Ndodo ya 275, insert (kachitsulo kolowa m'ndodo komangirapo nsonga) ya 50, broadhead ya 125, nock ya 10 ndi nthenga za 20 zimapanga 480, amene ndi magalamu 31.
- FOC, kutanthauza mmene kulemera kwapendekera kutsogolo. Gonekani muvi wathunthu pa chala mupeze pamene ukukhazikika osagwa, muyeze kuchokera mu nock. Chotsani theka la utali wa muvi, zotsalazo mugawe ndi utali wonse, muchulukitse ndi 100. Muvi wa mainchi 29 wokhazikika pa 18 uli ndi FOC ya 12. Kampani yopanga mivi ya Easton imalimbikitsa 10 mpaka 15 pa mivi yosakira.

Muvi umasankhidwa kuyambira kutsogolo. Choyamba nyama imene mukufuna, kenako broadhead ndi insert zoyenera nyamayo, kenako msana wokwanitsa kukankha kulemera kumeneko pa mapaundi anu, pomaliza n'kudula. Ambiri amayambira kumbuyo: agula mivi khumi ndi iwiri, aidula, ndiye n'kumaganiza zoika kunsonga.

## Chizindikiro 1: Mabroadhead onse akugwera pamodzi, koma kutali ndi ma field point

Ili ndiye vuto lalikulu, ndikhalitsapo. Yambani ndi kanthu ka mphindi imodzi: ikani nsonga zonse ziwiri pa sikelo. Ndaonapo munthu akuvutika tsiku lathunthu pamene field point inali magireni 100, broadhead 125. Zikafanana, tsatani mndandanda uwu.

1. Rest kapena pomangira nock sizili pamalo pake. Rest ndi kachitsulo kogonekapo muvi, pomangira nock ndi malo a pa nsinga pamene nock imagwira. Ichi ndicho chimalakwa nthawi zambiri.

- Mangani pepala pa felemu, chandamale chikhale kuseri kwake motalikira kuposa utali wa muvi. Imani mamita 2 kuchokera papepala, muponye ndi field point.
- Muvi wowongoka umasiya kabowo kamodzi ndi timizere titatu ta nthenga. Wopendekeka umang'amba mzere wautali, ndipo mumaona pamene nsonga yalowa ndi pamene mchira wadutsa.
- Mchira ukadutsa pamwamba, kwezani rest kapena tsitsani pomangira nock. Ukadutsa pansi, chitani mosemphanitsa.
- Mchira ukadutsa kumanzere, sunthirani rest kumanja. Ukadutsa kumanja, rest ipite kumanzere.
- Konzani za pamwamba ndi pansi kaye, za m'mbali pambuyo.

Pepala likayera, bwererani pa mamita 20 ndi nsonga zonse ziwiri, muvi uliwonse pa kadontho kakekake, ndipo muziyamba ndi broadhead kuti isadule nthenga za inzake. Broadhead ikagwera pansi pa field point, kwezani rest pang'ono. Ikagwera pamwamba, tsitsani. Za kumanja ndi kumanzere matchati amatsutsana, amisiri nawo amatsutsana, choncho ine ndinasiya kuloweza. Ndimalemba kamzere ka pensulo pamene rest ili, n'kuisuntha kosakwana milimita imodzi mbali imodzi, n'kuponyanso. Mpata ukachepa ndipitiriza, ukakula ndibwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sight, kachida kolozera chandamale, musaikhudze mpaka magulu awiriwo atakumana, chifukwa sight imangosamutsa onse awiri pamodzi, siiwayandikizitsa. Akakumana pa 20, yesani pa 30 ndi 40.

Pa mauta ambiri a compound, aja a timawilo kumapeto, pakati pa muvi pamakhala pafupifupi 13/16 ya inchi kuchokera pa thupi la uta. Mukaona kuti mwachoka pamenepo ndi mamilimita atatu koma sizikusintha, vuto silili pa rest. Ibwezereni pa kamzere kaja.

2. Msana ndi wofewa. Nsinga ikakankha kumbuyo, nsonga yolemera imachedwa kunyamuka, ndodo n'kupindika. Nambala yolembedwa pa ndodo siisintha, koma mmene ndodo ikupindikira pa uta wanu zimasintha. Imafewa muvi ukatalika, nsonga ikalemera, kapena mapaundi akakwera. Apa m'pamene amagwera anthu amene amva kuti kulemera kutsogolo n'kwabwino, n'kuika insert ya mkuwa ya 100 pa ndodo ya 340 imene inkayenda bwino ndi insert yopepuka.

- Kuyesa: masulani mabawuti onse awiri ogwira ma limb, mikono yopindika ya uta, mofanana, kuzungulira kamodzi kapena kawiri, osapitirira malire a m'buku la utawo. Mpata ukachepa, msana ndi wofewa. Kapena ikani nsonga yopepukirapo muone.
- Kukonza: dulani ndodo pang'ono ngati utali ulipo, chepetsani kulemera kunsonga, tsalani pa mapaundi otsikawo, kapena gulani msana wolimbirapo.
- Podula, broadhead izitsala inchi imodzi kutsogolo kwa rest uta utakokedwa wonse. Mpeni usayandikire zala.

Tchati chikakuikani pamalire a misana iwiri, tengani wolimbawo. Pa compound yoponyedwa ndi release, kachida kokokera ndi kumasulira nsinga, msana wolimba pang'ono umakhululuka, wofewa sukhululuka. Pa recurve kapena longbow, mauta opanda timawilo okoka ndi zala, ndiye mbali zonse ziwiri zimaoneka msanga: kwa woponya wa dzanja lamanja, muvi wopanda nthenga ukagwera kumanja kwa anzake ndi wofewa, kumanzere ndi wolimba. Kuyesa kumeneku n'kwa field point yokha. Broadhead pa muvi wopanda nthenga imapita kumene yafuna.

3. Dzanja likupotokola uta. Mukaufinya, umatembenuka muvi usanachoke. Pepala limang'ambika mosiyanasiyana pa muvi womwewo. Pemphani mnzanu wodziwa aponye uta wanu. Ukamuyendera bwino, vuto ndi kagwiridwe. Uta ukhale pa mnofu wa pansi pa chala chachikulu, zala zili lende.

4. Nthenga zikugunda rest kapena ma cable, zingwe za compound zodutsa pambali pa nsinga. Pakani lipisitiki m'mphepete mwa nthenga, muponye, muyang'ane pamene yasiya utoto. Tembenuzani nock pang'ono kuti nthenga zidutse bwino. Ngati ndi rest yogwa yokha imene ikuchedwa kugwa, chingwe chake chikufunika kutcheredwanso.

5. Nthenga zachepa mphamvu. Mapiko akutsogolo akaposa akumbuyo, broadhead ndiyo imayendetsa muvi. Tinthenga tating'ono tomatidwa mowongoka n'tabwino pa mpikisano. Pa broadhead ya mipeni yokhazikika pamafunika zazitalirapo, zomatidwa mopotoka kuti muvi uzizungulira, kapena zinayi m'malo mwa zitatu.

## Chizindikiro 2: Mivi ina ili bwino, umodzi wokha ukusochera

Lembani manambala pa nthenga. Ukakhala muvi womwewo nthawi zonse, siyani uta, vuto lili pa muviwo. Akuluakulu athu ankawotha bango pamoto, n'kuliika padiso kuona ngati lawongoka asanalowetse chitsulo cha osula. Ntchito ndi yomweyo, zida zokha ndizo zasintha.

1. Broadhead siinakhale pakati. Imikani muvi pa nsonga yake pathabwa, muuzungulitse ngati nguli, kapena muugudubuze pa spinner, kachida kozungulitsira muvi, nsonga italoza kadontho pa katoni. Nsonga ikamajambula kabwalo, ikugwedera. Imasuleni, muiyese pa muvi wina. Kugwederako kukatsatira broadhead, yapindika, itayeni. Kukatsalira pa muvi, onani chachiwiri.
2. Kumapeto kwa ndodo kapena nkhope ya insert sizinadulidwe mowongoka. Pali kachida kopalira kamene kamasalaza zimenezi. Ndi kotchipa kuposa paketi ya mabroadhead.
3. Nock yapindika kapena yakhwepa. Sinthani. Nock imene inagundidwapo ndi muvi wina musaikhulupirire. Yokhala ndi kanyale ndi yolemererapo, ndiye muziyeserera ndi yomweyo imene mukasakire.
4. Ndodo ili ndi mbali yolimbirapo. Kaboni salimba mofanana kuzungulira konse. Tembenuzani nock iloze nthenga yotsatira, muponyenso. Mivi yambiri yosochera imabwerera m'gulu motere.
5. Ndodo yeniyeniyo ndi yokhota. Pa paketi pamalembedwa .001, .003 kapena .006, ndipo nambala yaing'ono ndiyo yowongoka kwambiri. Kukhota kumakonda kumapeto, choncho podula ndodo zotchipa dulani mbali zonse ziwiri.

Pa mivi khumi ndi iwiri, musadabwe itatu kapena inayi ikakana broadhead. Imeneyo ikhale yoyeserera. M'phodo muzilowa yokhayo imene mwaiona ikuuluka bwino ili ndi broadhead yakeyo.

## Chizindikiro 3: Muvi sukulowa mokwanira

Tsiku lina madzulo nyumbu inalasidwa pa mamita osakwana 20. Tinamva kuti phwa, osati kaphokoso kofewa kaja ka muvi wodutsa m'nthiti. Inathawa muvi ukugwedezeka paphewa ngati mbendera, mbali yaikulu ili kunja. Magazi anali timadontho pamiyala, kenako zii. Tinaipeza mawa lake dzuwa litakwera. Posenda ndinatulutsa broadhead ija ndi manja anga: mpeni umodzi utapindikira kumbuyo, insert italowa m'ndodo, kaboni atayasama ngati nzimbe yotafunidwa. Uta unali wa mapaundi 70. Mphamvu inalipo yambiri, koma muvi unali wopepuka, wa mipeni yotambasuka kwambiri, ndipo unakumana ndi fupa.

Zoyambitsa, kuyambira chofala:

1. Malo amene muvi wagwera. Mtima ndi mapapo a nyama za kuno zili kutsogolo ndi kumunsi, pakati pa mapewa, kusiyana ndi agwape a ku America amene alendo ambiri anazolowera. Nyama ikaima chammbali, tsatani mwendo wakutsogolo kukwera mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi. Pamenepo fupa la phewa lili pafupi, ndipo n'chifukwa chake muvi wa kuno uyenera kukonzekera fupa. Nyama yoyang'ana kwa inu chopendekeka ilekeni itembenuke.

2. Muvi ukufika chopendekeka. Mphamvu imathera m'mbali m'malo mokankha nsonga. Pa kanyumba kobisalamo pafupi ndi madzi timaponya pafupi, muvi usanapeze mpata wowongoka. Bwererani ku Chizindikiro 1.

3. Broadhead yakula kuposa mphamvu ya uta. Ya mipeni yotseguka ikagunda, yodula mainchi 2, imadya mphamvu potseguka ndi podula njira yotakata. Ya mipeni iwiri yokhazikika, yoyamba kudula nsonga ikangokhudza chikopa, monga Magnus Stinger kapena Zwickey, imalowa mosavuta. Amene akukoka mapaundi 50 kapena kucheperapo, kapena amene mkono wawo ndi waufupi, asavutike n'kuganiza: mipeni iwiri yokhazikika basi.

4. Muvi wapepuka. Anthu amakonda liwiro, ndipo amaloza nambala ya kinetic energy, mphamvu ya muvi uli m'njira. Amaiwerengera pochulukitsa magireni ndi liwiro kawiri, n'kugawa ndi 450,240. Muvi wa magireni 370 wothamanga mafiti 300 pa sekondi umapereka 74. Wa 480 wothamanga 265 umapereka 75. Papepala n'chimodzimodzi. Koma chulukitsani kulemera ndi liwiro kamodzi kokha, imene ndi momentum: woyamba 111,000, wachiwiri 127,200. Wolemerayo ndi wovuta kuuimitsa, umakankhabe ukakumana ndi nthiti.

 Izi Dr Ed Ashby, katswiri wosaka ndi uta, anazifufuza kwa zaka zambiri, kuyambira ku Mkuzi ku Natal m'zaka za m'ma 1980. Pa zonse zothandiza kulowa, iye anaika patsogolo kulimba kwa muvi wonse kuti usathyoke, kenako kuuluka kowongoka. Anapezanso kuti mwayi wothyola fupa lalikulu umakwera kwambiri muvi ukafika magireni 650, komanso kuti FOC yoyambira 19 kupita m'mwamba imathandiza. Ena atamva zimenezi amafuna 650 pa nswala yomwe. Ine sindifika pamenepo, chifukwa muvi wolemera umagwa msanga ndipo kulakwitsa mtunda ndi mamita atatu kumaoneka. Maganizo anga pa kulemera kwa muvi m'magireni ndi awa:

- nswala, njiri, gwape, mbawala: 400 mpaka 450
- ngoma, nyumbu, mbidzi: 450 mpaka 550, mipeni yokhazikika
- nchefu: 550 mpaka 650
- njati: si nyama yosankhira muvi panokha, PH ndiye anene

5. Kutsogolo kwa muvi n'kofooka. Broadhead yachitsulo chokhachokha, ya mipeni yochindikala, insert yachitsulo kapena yamkuwa, ndi kakhosi kovala kumapeto kwa ndodo zimateteza zimene ndinaona pa nyumbu ija. Ngati mwasankha single bevel, yonoledwa mbali imodzi kuti izipotoka m'fupa, mbali yake igwirizane ndi kupotoka kwa nthenga: yakumanja ndi zakumanja. Zikasemphana, muvi umayamba waima kuzungulira usanalowe.

## Chizindikiro 4: Broadhead yotseguka ikutsegukira m'njira, kapena siikutseguka

Muvi ukapatuka mwadzidzidzi ndi kaphokoso ka mluzu, mpeni watseguka usanafike.

- Kamphira kapena kakolala kogwira mipeni kakalamba. Dzuwa la kuno limaumitsa mphira msanga. Ikani katsopano nyengo iliyonse, ndiponso mukaponya kamodzi.
- Mpeni wakodwa m'phodo kapena pa udzu. Yang'anani muvi ukakhala pa nsinga.
- Mwaponya kudutsa neti ya pawindo la kanyumba. Neti ndi ya mipeni yokhazikika.
- Siikutseguka: fumbi, dzimbiri kapena magazi ouma m'timahinji. Tsukani, muyese ndi kamtengo, osati chala.

Sindidana nazo. Pa nswala, ndi uta wamphamvu, zimasiya bala lalikulu ndi magazi osavuta kutsata. Chimene ndimakana n'kuzigula pofuna kubisa uta wosatcheredwa. Zimagwera pamodzi ndi field point, inde, koma muvi ukufikabe chopendekeka.

## Chizindikiro 5: Uta ukulira kwambiri, nyama ikuzinda muvi

Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, muvi 80 mpaka 90. Pa mamita 20 nswala imamva kulira kwa uta muvi usanafike ndi theka lomwe, ndipo imagwada kuti ithawe. Muvi umene munaloza pamtima umagwera kumsana. Palibe uta wothamanga kuposa khutu la nswala kapena njiri, choncho njira ndi kuchepetsa phokoso.

1. Muvi wopepuka. Mphamvu imene muvi sunatenge imatsalira mu uta n'kusanduka phokoso. Malire otsikitsitsa ndi magireni 5 pa paundi iliyonse, ndiye 350 pa uta wa 70. Pansi pa apo mukuwononga uta. Posaka, 6.5 kapena 7 pa paundi ndi pamene uta umayamba kufatsa.
2. Chinachake chakhwepa. Gogodani uta ndi chikhatho mumvetsere. Kawirikawiri ndi phodo, sight, kapena broadhead yosamangitsa.
3. Broadhead kapena nthenga zikuimba m'njira. Mipeni ya mabowo ndi nthenga zazitali zimalira. Mnzanu abisale kuseri kwa khoma lolimba chapambali, amvetsere mivi ikudutsa.

Ndipo nyama imene yadzutsa mutu, makutu ali njo, musaiponyere. Dikirani iweramire madzi.

## Chizindikiro 6: Muvi wadutsa, koma magazi ndi ochepa

Choyamba ganizirani kubuntha. Mpeni wobuntha umakankhira mitsempha pambali, ndipo bala long'ambika limaundana msanga kuposa lodulidwa bwino. Kokani timphira tingapo pa felemu, mukankhe broadhead pakati pake pang'onopang'ono. Yakuthwa imatidula, yobuntha imangotikankha. Imene yalowa mu chandamale, kaya kamodzi, inoledwe kapena isinthidwe mipeni. Zina zimabwera zosanoleka bwino kuchokera m'paketi momwe. Kugwedera m'phodo pa galimoto ndi chinyezi zimabunthitsanso, ndiye pakani Vaseline pang'ono m'mphepete.

Chachiwiri ndi bala limodzi lokha, lapamwamba. Magazi amadzaza m'chifuwa osatuluka. Mabala awiri a inchi imodzi ndi kotala amathandiza wolondola kuposa limodzi la mainchi 2.

## Chizindikiro 7: Insert ikuzuka, ndodo ikung'aluka

Insert ikatsalira mu chandamale, mkati mwa ndodo munali fumbi la kaboni pomata. Pukutani ndi sipiriti, muumitse, mumate ndi epoxy yochedwa kuuma kapena guluu wotenthetsa wopangira kaboni. Lawi la moto lisakhudze ndodo. Komanso broadhead ndi ya chandamale cha foam. Mu chandamale cha thumba imakodwa, ndipo mudzathyola zinthu pozula.

Kung'aluka ndiye si zamasewera. Muvi uliwonse umene wagunda mwala, mtengo, fupa kapena muvi unzake, ugwireni kumapeto konse, kutali ndi nkhope, muupinde pang'ono uku mukuutembenuza, khutu lili tcheru. Ukangoti tsetse, kapena chala chikamva kamng'alu pafupi ndi nock kapena insert, uthyoleni pomwepo kuti wina asadzautole. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Kaboni wong'aluka amathyoka nsinga ikamukankha, ndipo chidutswa chakumbuyo chimalowa m'dzanja logwira uta. Osenda, muvi ukathyokera m'nyama dulani mnofu wonse wozungulira bala muutaye, ndipo musapise dzanja m'chifuwa musanadziwe kumene broadhead ili.

## Poyenera kulekera, mupite kwa mmisiri wa mauta

- Uta waponyedwa wopanda muvi, kapena nock yathyoka poponya. Musaukokenso mpaka auone, ngakhale ukuoneka bwinobwino.
- Pa limb pali kamng'alu. Pukutani ndi thonje: likakodwa, siyani.
- Ulusi wa nsinga kapena cable waduka, makamaka ngati broadhead inakhudzapo.
- Pepala likung'ambika chapamwamba kapena chapansi ngakhale mwasuntha rest. Timawilo tija sitikufika pamodzi.
- Kung'ambika kwa m'mbali kwakana rest, msana ndi dzanja. Cam, kawilo kaja, yapendekeka, ndipo kuikonza kumafuna bow press, makina opanikizira uta. Musapanikize uta ndi chingwe cha galimoto kapena vayisi ya m'shedi.
- Mulibe macheka othamanga odulira kaboni. Sowo yachitsulo imang'amba ulusi wa ndodo mkati, ndipo fumbi lake si lopuma.
- Kaboni walowa m'dzanja, kapena mpeni wakudulani kwambiri. Panikizani bala ndi nsalu yoyera, chidutswa cholowa mkati musachizule, thamangani kuchipatala.

Popita kwa mmisiri tengani uta, release yanu, mivi yonse ndi nsonga zake zamitundu iwiri, mapepala ong'ambika aja mutalemba tsiku ndi chimene munasintha, ndi pepala la manambala asanu. Pitani kudakali masabata atatu kapena anayi ulendo usanafike, chifukwa nsinga yatsopano imafuna kuponyedwa kambirimbiri isanakhazikike, ndipo ikakhazikika muyenera kubwereranso pa mamita 20 ndi broadhead.